Zingwe za pakhoma la a Supuni Zisanu

Malume anga anandilanda sukulu. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa Loweruka lapitali, pamene tinkavundukula chiliza chawo, palibe amene anazitchula. Abusa anati malemuwa anali munthu wodyetsa anthu. Amayi anga anati anali mzati wa mbumba. Zonsezo n'zoona. Koma ine ndinaima pambali ndi kapu ya tiyi m'manja, tiyi wa pamwambo uja wothira shuga m'ndowa momwemo, ndipo sindinkadziwa ngati ndimwe kapena ndikhuthulire pansi. Patha chaka chimwalirireni, ndipo mpaka lero sindikudziwa.

Ndinali nditangomaliza teremu yoyamba ya Fomu 3. Anabwera kwathu masana, akukankha njinga m'malo moikwera, chifukwa pa chishalo sankathanso kukhalapo. Anakhala pa mkeka chammbali n'kuuza amayi kuti:

"Chemwali, ndibwerekeni Isaki. Teremu imodzi yokha."

"Nanga sukulu, achimwene?"

"Sukulu sithawa. Ndikachigwira chimene chikundidya m'mimbamu, abwerera."

Isaki ndi ine. Sanandifunse. Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi wako, ndipo sukuluyo ankandilipirira ndi iwo, ndiye amayi anangoti chabwino. Mawa lake ndinapinda yunifomu n'kuika pansi pa chikwama. Ikadali pomwepo. Buluku lake silingandikwanenso.

Dzina lawo la ubatizo linali Binwelo, koma mukanafunsa dzina limenelo pa dooko pathu anthu akanakuyang'anani ngati mlendo. Onse ankawatcha a Supuni Zisanu. Anali ndi kanyumba kogulitsira tiyi kumtunda kwa mchenga, pafupi ndi pamene maboti opita ku chilumba cha Mbenji amanyamukira: makoma a zidina, malata ochita dzimbiri, mabenchi awiri, ndi ketulo yakuda yoti khanda likhoza kusambiramo. Asodzi akamatsika m'maboti m'mawa, zala zili gwaa ndi mphepo ya panyanja, ankayamba kwa iwo asanagulitse n'komwe nsomba.

Shuga ankathira okha. Chitini chake sichinkachoka m'khwapa mwawo. Ankawerenga mokweza, imodzi, ziwiri, mpaka zisanu, supuni zake zosefukira, ndipo munthu akati zitatu zakwana ankamufunsa ngati wabwera kudzamwa tiyi kapena kudzatsuka mkamwa. Ankakonda kunena kuti nyanja imalanda mphamvu za munthu pakamodzi, ndiye mphamvuzo zizibwereranso pakamodzi, osati modontha ngati madzi a m'ngalande za ku Lifuwu mu Okutobala.

Iwonso ankadya zomwe ankagulitsa. M'mawa tiyi ndi masikono. Masana mpunga woyera mbee, wothira shuga ndi majarini. Dzuwa likaswa mtengo, botolo la chakumwa chozizira. Mandasi otsala sankawataya. Ndiwo zamasamba ankati n'kulanda chakudya cha mbuzi, ndipo mgaiwa ankati ndi wa akaidi ndi ana a sukulu zogonera. Anakhala choncho zaka zoposa makumi awiri, onenepa, a phokoso, osadziwa khomo la chipatala. Ine ndinakulira pa benchi lawo. Ndili ndi zaka zinayi ankandipatsa kapu yangayanga ya supuni zisanu ngati munthu wamkulu, ndipo amayi akakalipa ankayankha kuti mwana akule ndi mtima wotsekemera. Sizinatheke.

Matenda anayamba ngati kamwazi wamba: kutsegula m'mimba, magazi, kupotokola. Kuchipatala chaching'ono anawapatsa mankhwala a kamwazi. Anachira, koma patapita miyezi iwiri zinabwerera. Anawapatsa a likodzo, poti tonse kuno timasamba m'nyanja. Kenako a njoka za m'mimba. Atayamba kuwonda anthu anayamba kunong'onezana, ndipo anakayezetsa magazi katatu, katatu konse osapezeka kanthu. Pepala lachitatu analikhomera pa chitseko cha kanyumbako kuti aliyense aziwerenga yekha. Sing'anga wina anati munthu wa nsanje anathira mankhwala m'ketulo. Anagula ketulo ina. Zinabwereranso. Pamene ankabwera kudzanditenga n'kuti akupita kuchimbudzi kakhumi kapena kuposa pa tsiku, ndipo munthu sungathire tiyi uku ukuthamangira kuseri, makasitomala akukuwerengera maulendo.

Zingwe ndinazipeza atayamba kale. Malume sankalemba bwino, komanso ankati pepala limanyowa. Anakhoma misomali pa khoma la mkati, kuseri kwa ketulo, ndipo pa msomali uliwonse anamangapo chingwe chomasula ku ukonde wakale. Pamwamba pake ankapachika kajumbo kokhala ndi chakudya pang'ono: njere za mpunga apa, ufa woyera apo, chinangwa chouma, chibenthu cha sikono. Ankadya chinthu chimodzi chokha kwa masabata awiri, ndi nsomba yowiritsa basi. Ulendo uliwonse wa kuchimbudzi ankamanga mfundo imodzi pa chingwe cha chakudyacho. Kukaoneka magazi ankamanga ziwiri pamodzi. Maganizo awo anali akuti chingwe chimene chidzadzaze mfundo n'chimene chidzaulule wakuba.

Poyamba ndinaona ngati zanzeru, ndisaname. Kusukulu tinkachita zofanana ndi nyemba zomera m'zitini. Koma zingwezo zinkanama. Mpunga unapereka mfundo zochepa ulendo woyamba, ndipo malume anauyamikira pamaso pa anthu kuti mpunga ndi m'bale wawo. Atauyesanso, chingwe chinadzaza mpaka anachilumikiza. Chinangwa chinapezeka cholakwa mu Januwale n'kumasulidwa mu Malichi. Mbatata anaizenga mlandu kawiri. Tsiku lina ndinawapeza ataima pa khomapo, chingwe china kudzanja ili china kudzanja ilo, zonse za ufa woyera. China chinali chosalala ngati chatsopano, china mfundo zokhazokha.

"Mphwanga, iwe wa sukulu, tandiuza. Ufa womwewo, chigayo chomwecho, mimba yomweyo."

"Sindikudziwa, malume."

"Ndiye ku Fomu 3 amakuphunzitsani chiyani?"

"Sindinamalize. Munanditenga."

Anapachika zingwezo n'kutuluka, poti nthawi ya mfundo ina inali itakwana.

Chingwe cha shuga panalibe. Pa zakudya zonsezo tiyi ankamwabe, wa supuni zisanu, chifukwa kwa iwo tiyi sanali chakudya. Anali ngati mpweya. Inenso, wa sukulu, sizinandibwerere m'mutu.

Teremu imodzi ija inasanduka chaka, chaka chinadutsa. Anzanga ankabwera patchuthi ndi mabuku a Fomu 4 m'manja, n'kumandiitana kuti, "Bwana wa tiyi, tithirireni." Ndinkawathirira.

Ku Lilongwe tinapita mu Malichi wa chaka chachiwiri, atatitumiza a kuchipatala cha kuboma. Kumeneko anawamwetsa mankhwala otsuka m'mimba, n'kuwalowetsa kachubu ka kamera cha kumbuyo. Zimenezo malume sanazinene kwa munthu aliyense pa dooko, ndipo akanakhala moyo sindikanazilemba. Kenako tinalowa kwa adokotala aakazi, achichepere, olankhula modekha moti zinkandipsetsa mtima. Anati matumbo aakulu atupa ndipo ali ndi zilonda. Anati si kachilombo kochokera m'madzi, si ufiti, koma thupi lawo lomwe likumenyana ndi matumbo ake. Anati matendawa amazilala n'kubukanso paokha, ndipo satheratu, koma mankhwala omwa tsiku ndi tsiku amawagoneka.

"Chayambitsa n'chiyani?" anafunsa malume.

"Sitikudziwa bwinobwino, bambo. Pali za kumtundu, pali za tizilombo tabwino timene timakhala m'matumbo, palinso za zakudya. Inu mumadya chiyani?"

Malume anafotokoza monyadira, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Adokotala anasiya kulemba.

"Ofufuza ena amaona ngati shuga wambiri ndi zakumwa zotsekemera zimawonjezera mpata woti munthu adwale matendawa, ndipo zakudya za gaga, zipatso ndi masamba mwina zimauchepetsa. Ena sapeza choncho."

"Ndiye ndi shuga?"

"Sindinanene choncho."

"Ndiye si shuga?"

"Sindinanenenso choncho, bambo. Anthu ambiri amamwa shuga osadwala. Ena samwa koma amadwala."

"Mphwanga," malume ananditembenukira, "akuti chiyani mayiwa?"

"Akuti sakudziwa."

"Nanga ife tabwereranji?"

Adokotala anawonjezera mawu ena. Anati za shuga ndi gagazo ndi nkhani ya munthu amene sanadwale. Munthu wodwala kale chimene akufunika ndi mankhwala, ndipo magazi akamatuluka adye zofewa, zosakanda m'matumbo. Mawu amenewo ndinawamva. Ndikuwakumbukira lero ngati akuwanena pano. Koma tsikulo anandidutsa, chifukwa mutu wanga unali pa minibasi ya ku Salima ndi pa teremu imene inali pafupi kutsegulidwa. Tinatuluka m'chipindamo aliyense atatola chake. Malume anatola shuga. Ine ndinatola gaga.

Pa mzere wolandirira mankhwala tinakhala ndi mayi wachikulire wa cha ku Chinguluwe, wa matenda omwewo. Malume anamufunsa kuti amathira supuni zingati. Mayiyo anaseka n'kuti shuga amamuona pa Khirisimasi ndi pamaliro, ndipo moyo wake wonse wadya mgaiwa ndi nkhwani.

Masabata atatu malume anangokhala duu. Kenako linafika tsiku lotsegulira Mbenji. Chilumbacho chimatsekedwa nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane, ndipo tsiku limene asodzi aloledwa kubwererako, dooko lonse limadzaza anthu, maukonde, matumba a ufa ndi nkhuni. Kwa wogulitsa tiyi palibe tsiku lina lotere pa chaka. M'mawa umenewo malume anandichotsa pa ketulo n'kuimapo okha, ngati kale. Chitini chija m'khwapa munalibe.

Woyamba kulandira kapu anali a Shaibu, mwini maboti awiri, mnzawo wa paubwana, Msilamu wosaphonya swala komanso wosaphonya tiyi. Anapsontha kamodzi n'kuyang'ana m'kapu.

"Che Supuni, mwaiwala kanthu."

"Sindinaiwale."

"Iyi ndi kapu ya munthu wa matenda a shuga. Yanga ili kuti?"

"Kuyambira lero muno mulibe shuga."

"Wakwera mtengo?"

"Ndi poizoni. Anena adokotala ku Lilongwe."

"Sananene choncho, malume," ndinatero ine ndili pa masikono.

"Iwe khala chete, unkawodzera."

A Shaibu anadzimenya pamimba, pamimba pakepo ngati ng'oma. "Walahi, ine ndamwa makapu awiri pano tsiku lililonse mwanayu asanabadwe. Supuni khumi. Kuchimbudzi ndimapita kamodzi, m'mawa, ngati wotchi. Poizoni wanuyu ndi waulesi, Che Supuni."

Anthu anafa nacho chikhakhali. Msodzi wina pakhomo anakuwa kuti, "Madala, tsono tiziti a Supuni Zingati?" Wina anayankha, "A Supuni Palibe!"

Malume anadikira phokoso lithe. Anali atawonda moti malaya ankangolendewera, ndipo ketuloyo ankaigwira ndi manja awiri.

"Sekani," anatero. "Koma mwa inu nonse amene ndakhala ndikukuthirirani, mwina mmodzi adzanyamula zimene ndanyamula inezi. Sindikumudziwa kuti ndi uti. Ndikanamudziwa, ndikanamumana yekhayo, enanu ndikanakuthirirani zisanu ndi ziwiri."

A Shaibu anadzuka, anatuluka, anakagula kajumbo ka shuga pa okala ya pafupi, anabwerera pa benchi pomwepo n'kukakhuthulira konse m'kapu. Akuti azitakasa ndi chala, malume anawalanda kapuyo n'kukakhuthula pa mchenga.

"M'nyumba mwanga ayi."

"Ndiye imwani nokha madzi anu osambawo," anatero a Shaibu, ndipo anatuluka. Asodzi awo anawatsatira, ndipo asodzi a ena anatsatira asodziwo. Onse anakaunjikana kwa mayi wina amene ankaphika tiyi pa mbaula pansi pa mkuyu. Pofika pakati pa m'mawa maboti anali atapita, ndipo ife tinakhuthula ketulo yathunthu kuseri kwa kanyumba. Masikono tinadya masiku anayi. Ndinkadya ine, poti iwo anali pa sabata la chinangwa.

Akanakhala kuti anaima pomwepo, bwenzi ndikunena kuti anali munthu wa mawu amodzi. Sanaime. Patatha masabata atatu anakumbukira mayi wa ku Chinguluwe uja, n'kubwezeretsa supuni ziwiri. Kenako analota zoipa n'kuzichotsa. Kenako anati munthu azisankha yekha, koma ayambe wamvetsera nkhani yonse ya ku Lilongwe, tiyi akuzizira. Anthu ankafika pakhomo n'kufunsa kaye kuti, "Lero kuli zingati?" Ambiri analeka kufunsa. A Shaibu ankadutsa pakhomopo tsiku lililonse, onenepa, athanzi, osapereka moni, ndipo malume ankawayang'ana kumsana ngati munthu woyang'ana samu imene yamukanika.

Mapiritsi a ku Lilongwe ankagwira ntchito. Zimenezi ndizinene momveka, chifukwa ndi chinthu chokhacho m'nkhani yonseyi chimene sichinasokoneze munthu. Pofika mu Juni mfundo zinachepa pa chingwe chilichonse. Masaya anabwerera. Tsiku lina ndinawaona akwera njinga, atakhala pa chishalo penipeni. Ndinathamangira kwathu, ndinatulutsa yunifomu ija n'kuiyanika padzuwa kuti ichoke fungo la m'chikwama. Amayi anandiuza kuti ndisafulumire. Ndinawayankha mwano.

Mu Ogasiti mfundo zinayambanso kuchuluka. Ndinkafuna machesi m'bokosi lawo pamene ndinapeza chitini cha shuga chija. Munalibe shuga. Munali mapiritsi, mapaketi ake osatsegula, a mwezi ndi theka.

Ndinawapeza kuseri akusamba m'manja, ndipo ndinaponya chitinicho pa mapazi awo.

"Ichi n'chiyani?"

"Ulankhule bwino, ndine malume ako."

"Mwasiya liti?"

"Mankhwalawa amabisa wakuba. Ndikamwa, zingwe zonse zimafanana. Mpunga wabwino, chinangwa chabwino, shuga wabwino. Ndidziwa bwanji?"

"Mudziwe kuti mutani? Munachira! Ndikanabwerera kusukulu!"

"Mapiritsi amatha, mphwanga. Kuno sapezeka wamba. Akadzatha ndidzadya chiyani?"

"Bwenzi tikatenga ena!"

"Nanga iwe?"

"Ine ndatani?"

"Adokotala anati za kumtundu, anatinso za zakudya. Magazi ako ndi anga. Tiyi wako ndinkathira ndine, uli ndi zaka zinayi. Ukufuna ndikubwezere kusukulu osadziwa chimene ndakuika m'mimba?"

Ndinawatukwana. Ndinati ndi mbuli yomanga mfundo ngati mfiti, ndipo andiwonongera moyo chifukwa cha zingwe za ukonde wowola. Anatola chitinicho, anachipukuta mchenga, n'kunena kuti angomaliza zingwe ziwiri zokha. Pa khoma panali misomali iwiri yatsopano. Wina unali ndi kajumbo ka shuga. Wina unali ndi kajumbo kopanda kanthu. Ankafuna masabata awiri akumwa shuga, masabata awiri osamwa, popanda mapiritsi osokoneza umboni.

Anamalizadi masabata anayiwo, ndipo anayambiranso mapiritsi monga analonjeza. Koma moto unali utakolera kale. Magazi ankatuluka okhaokha. Ankagona pa mkeka m'kanyumba momwemo kuti chimbudzi chikhale pafupi.

Apa ndi pamene ine ndinatulutsa nzeru zanga za ku Lilongwe. Ndinali nditatopa. Ndinkafuna zithe, achire msanga, sukulu isanatsegulidwe. Ndinauza amayi kuti adokotala anati gaga ndi amene amateteza. Amayi anandikhulupirira, poti ndine wa sukulu. Ndinapita kuchigayo n'kukatenga madeya, omwe aja timapatsa nkhuku, ndipo tinkawaphikira phala la madeya m'mawa, nyemba za makoko masana, ndi nsima ya mgaiwa wokhakhala. Munthu amene moyo wake wonse ankati mgaiwa ndi wa akaidi ankameza zimenezo maso ali pa ine, osadandaula. Kamodzi kokha anati, "Mphwanga, zikukanda ngati mchenga." Ndinati ndiye kuti zikugwira ntchito.

Masiku asanu ndi limodzi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri anakomoka pakhomo pa chimbudzi. Amene anabwera ndi galimoto yonyamula nsomba kudzawatengera kuchipatala anali a Shaibu, ndipo njira yonse ankawakalipira kuti, "Che Supuni, musandichititse manyazi, tsegulani maso," ngati kuti miyezi isanu ya kusalankhulana ija kunalibe.

Kuchipatala anawaika magazi. Ndinakoka dokotala wina pambali n'kumufunsa ngati madeya aja ndi amene achititsa. Anati ayi, chachikulu n'kusiya mankhwala, koma madeyawo sanathandize, ndipo mwina anawonjezera ululu. Ndinamufunsa ngati shuga ndi amene anayambitsa zonsezi. Anati n'zovuta kunena. Ndinkafuna kumumenya. Sanalakwe kanthu.

Tsiku lachinayi masana malume anapempha tiyi. Amayi anatulutsa fulasiki ndi kajumbo ka shuga, supuni ili m'manja, n'kuima.

"Ndithire zingati, achimwene?"

Malume anatembenuza mutu n'kundiyang'ana.

"Wa sukulu, zingati?"

"Sindikudziwa, malume."

Anaseka, kuseka kopanda mawu kogwedeza mapewa okha.

"Wayamba kuyankha ngati dokotala weniweni," anatero.

Amayi anathira zitatu, za pakati. Tiyiyo anazizira pa kabati osamugwira. Anamwalira mawa lake dzuwa lili pamutu.

Anthu pa dooko anagawana nkhaniyi monga amagawanira nsomba. Ena amati anaphedwa ndi shuga. Ena amati anaphedwa ndi kusiya shuga, thupi linadabwa. Mayi wa pansi pa mkuyu amati ndi ketulo ija. A Shaibu amati Mulungu analemba, basi, ndipo pa chiliza paja anamwa makapu awiri, akulira. M'mawa uliwonse ndikamatuluka m'chimbudzi ndimayang'ana kumbuyo, chinthu chimene munthu wa msinkhu wanga sayenera kuchita. Tsiku lina ndimathira supuni ziwiri, lina osathira, lina ndimakwiya n'kuthira zisanu. Mgaiwa ndimadya. Sindikudziwa ngati ndikudziteteza kapena ndikungodzilanga.

Ndimafuna kuwada bwinobwino, koma sizitheka. Ndikati anandilanda sukulu chifukwa cha umbuli, ndimakumbukira kuti funso limene ankafunsa ndi lomwe adokotala a ku Lilongwe analibe yankho lake. Ndikati anafera ine, ndimakumbukira kuti sindinawatume, ndipo akanangomwa mapiritsi bwenzi tonse tili bwino. Ndikati ndine wolakwa, dokotala anati ayi. Ndikati sindine, anati mwina.

Kanyumbako kakadalipo. Ndinakatseka mwezi womwe anamwalira, poti panalibe wobwera, ndipo tsopano ndimanyamula mabeseni a usipa a anthu ena. Dzulo ndinakatsegula kuti ndibwezere mabenchi amene tinabwereka pa mwambo. Lata limodzi linachoka ndi mphepo ya mwera, ndipo dzuwa limalowera pamenepo n'kugwera pamene pankakhala ketulo. Mafuwa atatu akadali pomwepo, phulusa linauma ngati simenti. Pa chitseko patsala timisomali tinayi ndi kachidutswa ka pepala la magazi lija. Pansi pali mchenga umene palibe wausesa, ndi mapazi a mbuzi.

Zingwe zili pa khoma, zonse. Tijumbo tambiri makoswe anaboola. Mpunga unafumbwa, sikono inasanduka fumbi lobiriwira, ndipo ka shuga nyerere zinamaliza kalekale, moti tsopano misomali iwiri yomaliza ija ikufanana, yonse ili ndi tijumbo topanda kanthu. Ndinatsitsa zingwe zake ziwirizo n'kuziyala pa benchi. Ndinawerenga mfundo kawiri. Zikusiyana ndi imodzi yokha, ndipo sindikudziwanso kuti cha shuga ndi chiti.

Kumapeto kwa mzerewo kuli msomali wina umene anakhoma osaugwiritsa ntchito, chingwe chake chili chosalala. Sindikudziwa kuti ankafuna kuzenga chakudya chanji. Ndinachitenga ine. Anandibwereka teremu imodzi, koma kuti ndimalize Fomu 4 panatsala materemu asanu. Ndamanga mfundo zisanu, zothina, monga ankamangira iwo, ndipo ndachipachika pomwepo. Amenewo ndi materemu anga. Sindikudziwa kuti ndikawafunse kwa ndani.